Mphindi Makumi Atatu ndi Zisanu

Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikudya mafunso.
Ndimawapinda pamodzi ndi nsalu za odwala
m'chipinda chochapira, pansi pa chipatala muno mu Winnipeg,
momwe makina amabangula mpaka pakati pa usiku
ndipo mulibe zenera loonerapo chipale chikugwa.
Buku langa lafufuma ndi nthunzi.
Tsamba lililonse likununkhira sopo.

Funso lililonse limabwera litatchena suti:
wina wanena chakuti, ndiye wamangapo mfundo yakuti,
iwe peza pomwe pakudontha.
Pano mutu unazolowera, ndimapeza podontha paliponse.
Woyendetsa basi akati tachedwa chifukwa cha chisanu
ndimafuna kumufunsa: nanga nthawi yotentha ija tinkachedweranji?
Perpetua, mnzanga wopinda naye nsalu,
wati ndikadzamuyankhanso ngati loya
adzandiponya m'makina, ndizungulire limodzi ndi mapilo.

Bambo anga, a Renato, safunsa zambiri.
Amasiya khofi pakhomo la chipinda changa n'kubwerera monyang'ama.
Ndi iwo anasaina pepala lija la mwini nyumba,
masamba khumi ndi anayi a zilembo zonga nyerere,
ndipo mwezi wa Febuluwale mipando yathu inagona panja.
Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri.
Ine ndinanyamula wotchi ya pakhoma, ikugundabe.
Za tsikulo sitikambirana,
koma ndi lomwe limanditsegulira buku.

Usiku woti mawa mayeso, Nkhawa inalowa osagogoda,
inakhala kumiyendo kwa bedi n'kuyamba kundizenga mlandu:
Lachiwiri unalakwa theka poyeserera, ndiye mawa ugwa.
Kumtundu kwanu kulibe loya, ndiye sadzakhalako.
Anzako ali ndi aphunzitsi olipidwa, iwe uli ndi sopo.
Thukuta linati kamukamu, malovu anauma.
Kenako chizolowezi chinandigwira pakamwa.
Ndinati: Mboni, taimani kaye.
Lachiwiri limodzi si masiku onse.
Chomwe sichinachitikepo sindiye kuti sichingachitike.
Za sopozo ndavomera.
Nkhawa inatsokomola, inasanthula mapepala ake.
Sinachoke ayi.
Inangosendera, kundisiyira malo ogona.

M'mawa mphepo inaluma mphuno mpaka misozi.
Chikepe chinatikweza asanu ndi mmodzi, tonse duu,
aliyense akuwerenga nsapato zake.
Foni anaitsekera m'kabati.
Woyang'anira anapunthwa pa dzina langa kawiri,
Luni... Luning... ndinamuthandiza: Luningning.
Anati nditembenuze matumba.
Munatuluka ulusi wa nsalu za chipatala, basi.

Mnyamata wa pambali panga mwendo wake unkavina wokha
ndipo ndinamukonda chifukwa cha mwendowo.
Kompyuta inayaka.
Gawo loyamba, mphindi makumi atatu ndi zisanu.
Zilembo zinabalalika, zinasanduka nyerere zija,
ndipo ndinaona mipando yathu ili mbuu ndi chipale.
Ndinapuma kanayi, pang'onopang'ono.
Manja anakumbuka ntchito yawo:
peza ngodya, igwirizanitse ndi inzake,
pinda, ika pambali, tenga ina.
Funso lachisanu ndi chinayi linakana kuyera.
Ndinalinyika kaye, monga timachitira ndi banga la magazi,
ndipo nditabwererako linali litafewa.
Lina silinafewe.
Ndinalota yankho, n'kulisiya lipite.

Panja bambo ankadikira m'galimoto, injini ikulira kuti mutenthe.
Sanafunse kuti zayenda bwanji.
Anati: wadya?
Zotsatira zituluka pakatha masabata atatu,
ntchito iyamba folo koloko madzulo ano,
ndipo Perpetua wasunga ngolo ziwiri za nsalu zondidikira.
Nkhawa inakwera kumpando wa kumbuyo, itakumbatira mapepala ake.
Ndinacheuka n'kuiuza kuti imange lamba:
ndi lamulo.